Ku Ilha de Moçambique akukonza ndi laimu, ife pa Boma la Mangochi tikukwirira mbiri mu simenti

Nyumba inanso yakale pa Boma pano yagwa m'manja mwa "okonza". Inali ya njerwa zootcha, ya khonde lalitali, zitseko zake za matabwa olemera zedi. Lero yamatidwa simenti kuyambira pansi mpaka m'mwamba, yapakidwa penti wa oyilo wonyezimira, mawindo a matabwa azulidwa n'kuikapo a aluminiyamu. Odutsa akuyamikira kuti yasanduka yatsopano. Ayi ndithu, yayamba kufa. Ingodikirani mvula zitatu kapena zinayi: pulasitala wa m'munsi adzatupa, mukagogoda padzamveka mphako, kenako adzakanganuka atanyamula nkhope ya njerwa.

Chowawa n'chakuti anzathu a ku Mozambique, amene timakonda kuwaseka pa Chiponde, nkhaniyi anaizindikira kalekale. Mukadutsa Mandimba, Cuamba, Nampula mpaka kukafika kunyanja ya mchere, pali kachilumba ka Ilha de Moçambique, kotalika makilomita atatu okha, kolumikizidwa kumtunda ndi mlatho wotalika kuposa kachilumbako. Kumeneko kuli tchalitchi chaching'ono cha Nossa Senhora de Baluarte cha mu 1522, ndi linga la São Sebastião limene anayamba kumanga mu 1558. Zonsezi zili chilili pamalo pamene mphepo imawaza mchere pakhoma usana ndi usiku. Ife kuno, pamadzi opanda mchere, nyumba ya zaka 100 timaitcha bwinja.

Ndipo musaganize kuti ndi mbiri ziwiri zosiyana. Amalonda achiyao a m'zaka za m'ma 1700 ankasenza minyanga ya njovu kuchokera kuno kukagulitsa kugombe loyang'anana ndi chilumba chomwecho, malonda ambiri asanakhotere ku Kilwa, kugombe la Tanzania wa lero. Akapolo anadzeranso njira zomwezo. Iwo ali kumathero a njira, ife tili kuchiyambi kwake. Iwo asunga mathero, ife chiyambi tikuchimata simenti.

Tauni yathuyi si yosowa chonena. Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda a ku Britain, anakhazikitsa Fort Johnston mu 1891 tsidya la kum'mawa kwa Shire, moyang'anana ndi mudzi wa Mponda, kuti atseke doko limene amalonda a akapolo ankawolokera. Mu 1897 boma linasamukira pamene lili leropa. Sitima ya Chauncy Maples, imene inabwera zidutswazidutswa kuchokera ku Glasgow, analumikizira kwa Mponda n'kuiponya m'madzi mu 1901. Nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria ndi ya mu 1903. Pambali pake pali mzinga wa sitima ya Guendolen, imene mu August 1914 inakaombera n'kuononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Liuli, tsidya la Tanzania la nyanja yathu, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba kumene. Pomwepo palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya mu July 1946. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, imene inatsegulidwa mu 1971, ili m'nyumba imene inali Gymkhana Club. Onjezanipo masitolo a makonde a zipilala amene amwenye anasiya m'zaka za m'ma 1970, nyumba za ogwira ntchito m'boma, ndi misewu yotakata ya mitengo. Zonsezi mutha kuziyendera wapansi dzuwa lisanafike paliwombo. Anzathu aja akanakhala ndi zimenezi bwenzi atatikhometsa ndalama pakhomo.

Tsono vuto la simenti n'chiyani, poti ndi wolimba? Kulimbako ndiye vutolo. Nyumba zambiri za nthawi imeneyo anazimanga ndi njerwa zofewa, zootchera mu uvuni wa nkhuni, zolumikiza ndi dothi kapena laimu wosakaniza ndi mchenga. Pansi pa khoma sanaikepo pepala lotchinga chinyontho limene amisiri a lero amayala pamwamba pa maziko. Choncho khoma limayamwa madzi kuchokera m'nthaka, ndipo kuno kufupi ndi Shire madzi a pansi sali patali. Omanga akale ankadziwa zimenezi. Ankasiya njira yoti chinyonthocho chizituluka chokha kudzera m'mizere ya pakati pa njerwa ndi mu pulasitala wa laimu, amene ali ndi timabowo tosaoneka. Khoma linkanyowa dzinja n'kuuma chilimwe, chaka ndi chaka, osavulala.

Mukamata simenti ndi penti wa oyilo mwatseka njira imeneyo. Zili ngati kumuveka munthu jumbo mwezi wa October: thukuta silisiya kutuluka, limangosowa kopita. Madzi amakwera m'khoma kuposa kale kufunafuna potulukira, ndiye mumaona ndere ndi mawanga pamsinkhu wa chiuno mkati mwa chipinda. Madziwo amanyamula mchere wa m'nthaka. Pamene aumira, mcherewo umaundana n'kukankha, ndipo poti simenti sagonja, imagonja ndi njerwa, n'kusanduka ufa kuseri kwa pulasitala wooneka bwinobwino. Chinanso, khoma lakale limasuntha pang'onopang'ono ndi kutentha ndi kuzizira. Laimu amatsatira kusunthako. Simenti amang'ambika, ndipo mng'alu wopyapyala ngati tsitsi umalowetsa madzi a mvula koma suwatulutsa. Pamapeto pake mitu ya mitanda yolowa m'khoma imakhala yonyowa chaka chonse, chiswe n'kupeza phwando.

Ku Ilha nyumba za mbali yakale anamanga ndi miyala ya m'nyanja, yofewa, ndipo madenga ake ndi athyathyathya, otchera madzi a mvula kupita m'zitsime za pansi pa nyumba. Khoma lotere mukalimata simenti ndiye mwalilembera imfa, n'chifukwa chake okonza enieni kumeneko amabwerera ku laimu. Njira yake si yachinsinsi, ndipo pa njerwa zathu imagwira chimodzimodzi.

Yambani mwadziwa chimene chili m'khomamo. Kandani mzere wa pakati pa njerwa ndi msomali. Zikatuluka zofiirira, zosungunuka m'madzi, ndi dothi. Zikatuluka zoyererako, zonyenyeka m'zala, ndipo mukadonthezapo viniga n'kuchita thovu kwambiri, ndi laimu. Msomali ukangoterereka, wina anadutsapo kale ndi simenti. Simenti ameneyo muchotse ndi tchizulo ndi hamala, pang'onopang'ono. Gulayinda ayi, amadya m'mphepete mwa njerwa ndipo mizere imatsala yotakata moipa. Ngati simenti wagwira zolimba moti akuchoka ndi njerwa, musakakamize. Chotsani m'munsi mokha, mita imodzi kuchokera pansi, pamene chinyontho chimafunira potulukira, kwinako mudikire kudzalekerera kokha. Mukatero khomalo lisiyeni lamaliseche chilimwe chonse liume. Apa ndi pamene eni nyumba ambiri amatopera, chifukwa nyumba imaoneka ngati yagwa mphwayi.

Laimu wake samalani. Wothira m'munda uja ndi mwala wongopera, sanaotchedwe, sagwira ngakhale mutadikira zaka khumi. Wofunika ndi wootcha. Ngati mwapeza wa mibulu, wochokera mu uvuni, mumuviike m'diramu lachitsulo kapena m'dzenje: madzi ayambe kulowa, laimu abwere pambuyo pang'onopang'ono, osati kuthira madzi pa laimu. Amawira yekha n'kuthovoka, ndipo dontho limodzi m'diso likhoza kukuchititsani khungu, choncho magalasi ndi magolovesi si zodzikongoletsera. Akazizira mumusefe kuchotsa mibulu yosapsa, ndipo phalalo likhale pansi pa madzi osachepera miyezi itatu. Mukafulumira, timibulu totsalira timadzaphulikira mu pulasitala n'kusiya timaenje khoma lonse. Wa ufa wa m'matumba, womangira, ndi wosavuta: muviikeni tsiku lathunthu, koma sabata imodzi ndi yabwino koposa. Thumba likakhala la mibulu yolimba, laimuyo anagwira kale m'sitolo, musagule.

Muyezo ndi ndowa imodzi ya phala la laimu ku ndowa zitatu za mchenga. Mchenga ukhale wa mumtsinje, wokhakhala, wa timiyala tosiyana kukula, wosefa ndi wotsuka. Kuti mudziwe ngati uli ndi dothi, thirani m'botolo la madzi, khutchumulani, siyani usiku wonse. Dothi likakhazikika pamwamba mochindikala, tsukaninso. Madzi osakanizira achepe kwambiri. Laimu amafewa ndi kupondaponda ndi kutembenuza, osati ndi madzi. Mmisiri wozolowera simenti amaona ngati matope auma n'kuwonjezera madzi, mawa lake pulasitala yense ali ming'alu yokhayokha. Ndipo pali kachinyengo kamene amakonda, kothiramo fosholo imodzi ya simenti "kuti agwire msanga". Kanizani. Simenti wochepa chotero amatseka timabowo tija popanda kupereka mphamvu yeniyeni, mumaluza mbali zonse.

Pobwezeretsa mizere, kumbani kuya kowirikiza kawiri kutakata kwa mzerewo, kawirikawiri mamilimita 20 mpaka 25. Sesani fumbi, nyowetsani khoma dzulo lake ndiponso m'mawa wa tsikulo. Njerwa youma imayamwa madzi onse a m'matope, laimu n'kusanduka ufa asanagwire. Kanikizani matope mpaka kumapeto a mzere, ndipo akayamba kulimba, pamene chala sichikulowa koma chikhadabo chikulowa, menyani ndi bulashi yolimba kuti atsendereke. Pulasitala ayende kawiri kapena katatu, ulendo uliwonse osapitirira mamilimita 10 mpaka 12. Woyambayo mumukande mizere yopingasa kuti wachiwiri apeze pogwira, ndipo pakati pake padutse sabata imodzi kapena kuposa.

Apa ndi pamene nyengo ya Mangochi imatilanga. Simenti amalimba ndi madzi m'masiku ochepa, koma laimu amalimba pokoka mpweya pang'onopang'ono, ndipo amafuna akhale wachinyezi nthawi yonseyo. Dzuwa la October ndi November limamuumitsa m'maola awiri. Ntchitoyi ndi ya May mpaka August, ndipo ngakhale pamenepo mwera ukamaomba umaumitsa khoma mofanana ndi dzuwa. Pachikani ziguduli zonyowa patsogolo pa khoma, zisakhudze pulasitala, ndipo muziwaza madzi m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu. Pomaliza pakani laimu wamadzimadzi, wosungunula kwambiri, maulendo anayi kapena asanu pakhoma lachinyezi, tsiku limodzi pakati pa ulendo ndi ulendo. Popaka amaoneka ngati madzi chabe, amayera akauma. Wopaka phala lochindikala kamodzi kokha ndi amene amachititsa kuti aliyense wotsamira khoma achoke malaya atayera. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kontilakitala wolipidwa pa ntchito osati pa tsiku alibe nthawi yoyang'ana nkhono.

Zonsezi n'zachabe ngati madzi akugwerabe patsinde pa khoma. Denga liyambe: lata lodontha, misomali yadzimbiri, magatala odzaza masamba. Dothi limene launjikana kukhoma kwa zaka zambiri lichotsedwe mpaka nthaka ya kunja itsike masentimita 15 kupitirira pansi pa m'nyumba, ndipo ipendekere kutali ndi khoma. Kakhonde ka simenti kozungulira nyumba, kamene timakakonda kwambiri, kamatsekera chinyontho pansi n'kuchikankhira m'khoma. Ikani miyala ya kwale ndi ngalande. Kachere akamera pakhoma musamuzule ndi mphamvu, mizu yake imatuluka ndi njerwa. Dulani, iphani chitsa, mizu ikauma muchotse. Zitseko ndi mafelemu a mlombwa kapena mbawa nthawi zambiri amaola kumunsi kokha. Kalipentala wabwino amadula poolapo n'kulumikizapo thabwa la mtundu womwewo. Amene akukuuzani kuti chitseko chonse chatha, muyang'anitsitse kumene chitsekocho chikupita mukachichotsa.

Tsopano, kuti ndisakhale ngati ndalandira kanthu kuchokera ku Nampula, anzathuwa si angelo. Ilha ili ndi mabwinja ambirimbiri, nyumba zopanda denga zimene mikuyu yamera m'zipinda. Likulu la Mozambique litachoka pa Ilha kupita ku Lourenço Marques (Maputo wa lero) mu 1898 chilumbacho chinayamba kusiyidwa, ndipo Apwitikizi atachoka mu 1975 nyumba zambiri zinasowa mwini. Chipatala chachikulu cha m'zaka za m'ma 1870 chakhala chikugumuka mbali zina kwa nthawi yaitali. Anthu ambiri sakhala m'nyumba zamiyala zojambulidwa pa Facebook zija. Amathithikana kumbali ya Macuti, yotsika, kumene kale ankakumbako miyala yomangira mbali ya olemera, ndipo mvula ikagwa madzi amadikha. Namondwe Gombe wa mu March 2022 anasasula madenga kumeneko. Simenti nakonso amalowa, makamaka kumene oyang'anira sakuona. Zambiri zokonzedwa bwino ndi zimene zagulidwa n'kusandutsidwa malo ogona alendo. Komanso tivomereze kuti dzina loti ndi malo a mbiri ofunika padziko lonse, limene analandira ku bungwe la UNESCO mu 1991, limakoka ndalama zakunja zimene Boma lathu la zaka pafupifupi 130 silingazione.

Koma taonani chaka chimenecho bwinobwino. Mu 1991 Mozambique inali idakali pankhondo yapachiweniweni, anthu ake pafupifupi miliyoni imodzi ali othawa kwawo kuno ku Malawi, ena m'boma lathu lomwe lino. Lamulo lawo loteteza chuma cha chikhalidwe ndi la mu 1988, mfuti zikulira. Anthu amene anamenyana ndi Apwitikizi zaka khumi, kuyambira 1964 mpaka 1974, ndi omwewo anasankha kusunga linga la Apwitikizi. Ndiye amene mumati "tisungirenji nyumba za atsamunda", yankho lanu lili pamenepo. Njerwazo sanaumbe Johnston. Anaponda dothi, kuotcha uvuni ndi kusenza ndi agogo a kwa Mponda ndi kwa Chimwala, ena mokakamizidwa ndi msonkho. Mukagumula, umboni wa thukuta lawo ndi umene ukupita pa lole.

Lamulo nafenso tili nalo, la Monuments and Relics Act la mu 1990. Kusiyana kuli pa chimene chikutetezedwa. Ife maso athu ali pa chipilala chimodzichimodzi: nsanja iyi, mzinga uwu, linga la pa phiri la Mangochi kwa Jalasi uko. Anzathu anateteza chilumba chonse, ndipo mu 2006 anakhazikitsa ofesi yakeyake, GACIM, yoyang'anira ntchito zokonza ndi kumanga pomwepo. Dera lakale silikhala nyumba imodzi. Ndi mzere wa makonde, msinkhu wa madenga, kutakata kwa msewu, mitengo ya m'mbali. Nsanja ya 1903 itha kutsala yosakhudzidwa, koma ikazunguliridwa ndi magalasi abuluu ndi zikwangwani za mayunitsi, mlendo wotsika pa mlatho wa Bakili Muluzi adzaijambula kamodzi n'kukwera minibasi ya ku Monkey Bay. Ndi mmene zikukhalira kale. Alendo ambiri a ku Cape Maclear ndi kumahotela a m'mbali mwa nyanja amadutsa pakhomo pathu penipeni, ife n'kuwagulitsa mafuta a galimoto ndi madzi a m'botolo basi.

Chofunika poyamba si ndalama zambiri. Ndi kaundula: nyumba iliyonse yakale ikhale ndi tsamba lake, zithunzi za mbali zonse zinayi, muyezo wake, zomangira zake, mwini wake, ndi chimene chikuiwononga. Kenako mzere pa mapu wosonyeza dera lakale, ndi lamulo laling'ono la khonsolo loti mkati mwa mzerewo pulani yogumula kapena kusintha nkhope ya nyumba iyambe yaonedwa ndi odziwa zakale. Lero timadziwa kuti nyumba ikukonzedwa tikaona mulu wa mchenga pakhomo.

Za Zanzibar sindichulukitsa, poti aliyense amaitchula. Stone Town, dera lake lakale, inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2000 ndipo ili ndi bungwe lakelake loisamala kuyambira m'zaka za m'ma 1980, komabe mbali ya nyumba yotchuka ya House of Wonders inagwa mu December 2020 ntchito yokonza ili mkati. Ku Zambia, tauni ya Livingstone, imene inali likulu mpaka 1935, ndiyo ikufanana nafe kwambiri: njerwa, malata, makonde. Iwo mathithi a Victoria amawabweretsera alendo, ndipo anazindikira kuti mlendo akachoka kumathithi amafuna msewu woti ayendemo.

Chimene chimandinyansa kwambiri n'chakuti pa zipangizo ife tinawapambana onsewa. Ku Ilha ndi ku Zanzibar mchenga wa kugombe ndi wamchere, ndipo madzi abwino otsukira ndi osowa. Ife Shire akudutsa pakhomo. Miyala ya laimu ili pa Chenkumbi ku Balaka, ulendo wa m'mawa umodzi, ndipo anthu akhala akuotcha laimu kumeneko kwa zaka zambiri. Chimene chatha ndi manja. Funsani mmisiri wachinyamata aliyense pa Boma muyezo wa simenti, akuyankhani ali m'tulo. Mufunseni za laimu, akuuzani kuti ndi wopaka miyala ya m'mbali mwa msewu ndi matsinde a mitengo kukamabwera nduna.